Galimoto Yanu Imagona Bwanji? Kusankha Alamu ndi Zina Zotchinjiriza Akuba Kuno ku Chipata

Alamu ikalira, adzuke ndani?

Yankhani funso limeneli musanatulutse ngwee ngakhale imodzi. Alamu ya galimoto ili ngati galu wa pakhomo: imauwa, koma sigwira munthu. Galu akauwa pa nyumba yopanda anthu, wakuba amangopitiriza zimene wadzera. Mabanja ambiri a kuno, kaya ndi ku Kalongwezi, ku Kapata, ku Moth, ku Mchini kapena ku Nabvutika, akangogula galimoto yawo yoyamba amathamangira kukaikitsa kabokosi kolira, ndipo usiku womwewo amagona tulo tofa nato poganiza kuti akawalala athana nawo. Alamu ndi yabwino, ndipo m'kabuku kano tikuthandizani kusankha yoyenera. Koma ili ndi malo ake pakati pa zofunika kugula, ndipo malowo si oyamba.

Tikudziwa kumene ndalama za galimotoyo zinachokera. Ena munasonkhanitsa za fodya, thonje, soya ndi nsawa za zaka zingapo. Ena ndi ngongole imene akukudulanibe pa malipiro mwezi ndi mwezi, ena ndi penshoni yonse. Galimoto yomweyo ndi imene imathamangitsa wodwala usiku ku Chipata Central Hospital kapena ku Mwami, imakatuta chimanga kumunda, ndipo kwa ena ndi takisi imene ikuphunzitsa ana. Ikapita, si chitsulo chokha chimene chapita.

Tili pa chipata

Dzina la mzinda wathu likunena lokha: chipata ndi polowera, ndi potulukiranso. Kuchoka m'tauni kukafika pa malire a Mwami ndi makilomita pafupifupi 20, ulendo wosakwana theka la ola, ndipo tsidya lake ndi Mchinji. Wolowera kumadzulo akafika pa Katete akhoza kukhotera ku Chanida n'kulowa m'Mozambique. Wa msewu wa Lundazi ali ndi Lusuntha. Pambali pa zipata za boma zimenezi, aliyense wokulira kuno akudziwa kuti m'midzi ya m'malire muli tinjira timene timadutsa popanda geti kapena msilikali. Msewu wa Great East nawo watambalala makilomita pafupifupi 570 mpaka ku Lusaka. Galimoto imene yatuluka pageti panu pakati pa usiku, tambala woyamba asanalire ikhoza kukhala ili m'dziko lina, kapena ili mumpanda mwa munthu akuiphwasula. Munthu wa ku Chipata alibe nthawi yambiri yofunafuna galimoto ikapita, choncho mphamvu zake aziike poti isanyamuke n'komwe.

Kuba kumene tikukambaku kuli mitundu itatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali wakuba amene akufuna galimoto yonse. Pali amene akungofuna batire, magalasi a m'mbali, nyali, wailesi, tayala la sipeya, bokosi la kompyuta ya injini, kapena chikwama chimene mwasiya pampando. Ndiye pali achifwamba amene amalanda galimoto mwini wake ali momwemo, kawirikawiri pageti kapena atadzionetsa ngati okwera takisi. Alamu imathandiza kwambiri pa mtundu wachiwiriwo. Pa woyamba imathandiza pang'ono. Pa wachitatu ilibe chochita. Khalani pansi ndi a m'banja mwanu, muone kumene galimoto imagona, kumene imaswera, ndi amene amaiyendetsa, kuti mudziwe wakuba amene mukumuopa kwenikweni.

Choyamba, galimoto ikane kuyenda

Chipangizo chimene chapulumutsa magalimoto ambiri padziko lapansi sichilira n'komwe. Dzina lake ndi immobiliser. M'mutu wa kiyi amaikamo kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga. Mukalowetsa kiyi, kompyuta ya galimoto imafunsa kanthuko nambala yake yachinsinsi, ndipo ikapanda kuyankhidwa bwino imakana kupereka mafuta ndi moto ku injini. Wakuba angathyole loko, angalumikize mawaya pansi pa chiwongolero, injini siidzuka.

Dziko la Germany linalamula kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi chipangizochi kuyambira mu 1998, Britain chaka chomwecho, Australia mu 2001, Canada mu 2007. Akatswiri awiri a zachuma, Jan van Ours ndi Ben Vollaard, atafufuza anapeza kuti chipangizochi chinachepetsa kuba kwa magalimoto ndi pafupifupi 40 peresenti pakati pa 1995 ndi 2008. Umboni wina unachokera ku America cha mu 2021, pamene anyamata, kuyambira mumzinda wa Milwaukee, anatulukira kuti magalimoto ambiri a Kia ndi Hyundai ogulitsidwa kumeneko analibe immobiliser. Anayamba kuonetsana pa TikTok mmene angawalizire popanda kiyi, ndipo kuba kunafalikira m'mizinda yambiri.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa magalimoto ambiri a m'misewu yathu, ma Corolla, Vitz, Spacio, Allion, Noah, Hiace ndi ma Canter, ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo si onse amene anatuluka m'fakitale ali ndi immobiliser, makamaka ang'onoang'ono akale. Musaganize kuti yanu ili nayo chifukwa choti pali kanyali kofiira kophethira pa dashibodi, pakuti kanyali kotere aliyense akhoza kukaika. Njira yodziwira ndi iyi: kiyi wachitsulo chokhachokha, wosulidwa kwa osula makiyi, akatsegula chitseko n'kulizanso injini bwinobwino, ndiye kuti galimoto yanu ilibe immobiliser. Wamagetsi a galimoto wodziwa ntchito angakuuzeninso atangoona kiyi ndi malo olowetsa kiyiyo.

Ngati ilibe, chinthu choyamba kugula ndi swichi yobisika. Ndi yotsika mtengo kuposa alamu iliyonse, koma ntchito yake ndi yaikulu. Wamagetsi amadula waya umodzi wofunika n'kuikapo swichi pamalo amene mukudziwa inu nokha. Apa pali kusankha. Swichi yodula sitata yokha ndi yosavuta kuika, koma galimoto ya giya yamanja anthu atatu akhoza kuikankha n'kulira. Swichi yodula pampu ya mafuta ndiyo yabwino koposa: injini imapukusa koma osalira, kapena imalira kamphindi n'kuzima, ndipo wakuba amaona ngati galimotoyo ili ndi vuto. Iye alibe nthawi yokonza galimoto ya mwini pabwalo la mwini. Uzani wamagetsiyo agwiritse relay, kuti mphamvu yaikulu isamadutse pa kaswichi kakang'ono n'kukatenthetsa. Musalole kuti aike pansi pa chiwongolero kapena pambali pa bokosi la mafyuzi, chifukwa ndi pamene dzanja la wakuba limayambira kupapasa. Ndipo muzolowere kuigwira mosaonetsera pamene mwanyamula anthu.

Chachiwiri ndi chitsulo chooneka ndi maso: loko wa chiwongolero, loko wa giya, kapena womanga chiwongolero ndi chopondera buleki. Ena amachinyoza kuti n'chachikale. Ife tikuchilemekeza, chifukwa sichidalira batire, sichidalira netiweki, ndipo wakuba amachiona asanaswe galasi. Macheka akhoza kuchidula, inde, koma kudula kumafuna nthawi ndi phokoso, ndipo zonse ziwirizi wakuba amadana nazo. Taganizani za tsiku la Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, kapena la Kulamba ku Mkaika mu August. Magalimoto amaima mazanamazana patchire, eni ake ali kutali m'chigulu cha anthu, ng'oma ndi nyimbo zili pakamwa. Alamu yanu ikalira kumeneko palibe angaimve, ndipo woimva sangadziwe kuti ndi yanu. Tsiku limenelo mlonda wanu ndi chitsulo cha pachiwongolero ndi swichi ija.

Tsopano alamu: za kufunsa musanagule

M'katoni ya alamu mumakhala kabokosi kolamulira zonse, sayirini, marimoti awiri, kanyali, mtolo wa mawaya ndi kachipangizo komva kugunda. Makatoni ambiri amafanana maonekedwe, ndipo wogulitsa aliyense amati yake ndiyo yeniyeni. Safunsa anadya phula. Mafunso otsatirawa ndi amene amasiyanitsa alamu ya ntchito ndi chidole.

Funsani za rimoti. Rimoti yotsika mtengo imatumiza nambala imodzimodzi nthawi zonse mukaidina, ndipo munthu wokhala ndi kachipangizo kokopera akhoza kuitola m'mwamba n'kudzatsegulira galimoto yanu tsiku lina. Rimoti yabwino imasintha nambala paliponse pamene mwadina. Pakatoni pamalembedwa kuti rolling code kapena code hopping. Ngati mawu amenewa palibe, ndipo wogulitsa sakudziwa chimene mukufunsa, pitani pa sitolo ina.

Funsani ngati sayirini ili ndi batire lakelake. Wakuba wodziwa amayamba wafikira batire la galimoto kapena waya wa sayirini, nthawi zina kudzera pansi pa injini, n'kudula. Sayirini wamba imangoti zii pomwepo. Yokhala ndi batire m'kati imalira chifukwa cha kudulidwako. Pa zonse zimene mungawonjezere ndalama, ichi ndicho choyenera.

Funsani zitseko zimene alamuyo ikulonda. Ambiri amalumikiza zitseko zinayi n'kuiwala boneti ndi buti. Koma batire, limene limabedwa kawirikawiri, lili pansi pa boneti, ndipo tayala la sipeya ndi jeke zili m'buti. Kaswichi ka paboneti ndi kotsika mtengo, koma oika ambiri amakadumpha chifukwa kamafuna kuboola ndi kukoka waya wina. Kakamirani kuti kaikidwe. Ngati mawilo anu ndi okongola, kapena galimoto ndi yaitali miyendo moti munthu akhoza kulowa pansi pake, funsaninso za kachipangizo komva kupendekeka, kamene kamaliza alamu munthu akaikweza pa jeke. Pansi pomwepo, pa paipi ya utsi, pali catalytic converter, imene akuba m'mayiko ambiri amaidula chifukwa muli tizitsulo tamtengo wapatali ta platinum, palladium ndi rhodium.

Kenaka pali nkhani ya kachipangizo komva kugunda, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Oika amakonda kukatchera kuti kazimva ngakhale kukhudza kwa chala, chifukwa mwini galimoto amasangalala kuona alamu ikulira akangoimenya pang'ono. Dikirani mvula ya December. Bingu likagunda, yalira. Bango likagwera padenga la galimoto, yalira. Mphaka akadumphira pa boneti, lole yolemera ikadutsa pamsewu, yalira. Sabata yoyamba mumadzuka ndi tochi. Sabata yachitatu mumangodina rimoti muli m'bulangete. Anansi nawo amaleka kusuzumira pawindo, ndipo ena amayamba kukusungirani chakukhosi. Akuba amadziwa zimenezi, moti ena amagwedeza dala galimoto kawiri katatu usiku umodzi mpaka mwini wake atatopa n'kuzimitsa alamu yekha. Sankhani alamu ya magawo awiri, imene ikagundidwa pang'ono imangochenjeza ndi kulira kwakufupi, koma ikagundidwa mwamphamvu imalira kwathunthu. Poitchera, menyani galasi ndi chikhato mwamphamvu ndithu: pamenepo ndi pamene iyenera kulira. Alamu imene imalira kamodzi pa chaka anthu amaithamangira.

Funsaninso mphamvu imene imakoka galimoto ikaima. Alamu yabwino imadya pang'ono, cha m'ma milliamp 20 mpaka 30. Zikuoneka zochepa, koma werengani: ma milliamp 30 kwa milungu itatu ndi ma amp-hour pafupifupi 15, pamene batire la galimoto yaing'ono limasunga pakati pa 35 ndi 45. Onjezani tracker (kachipangizo kolondolera galimoto), onjezani ukalamba wa batire, mudzapeza kuti galimoto imene yaima mwezi wathunthu eni ake ali kumunda siilira. Wamagetsi ayeze ndi mita yake inu mukuona, asanaike ndiponso atamaliza.

Pomaliza, bwererani ku funso loyamba lija. Ngati galimoto imagona pansi pa windo la kuchipinda kwanu, sayirini ikukwanira. Koma ambiri a m'makomboni, kumene msewu sufika pakhomo, amaisiya pa malo olipira oimikapo magalimoto kapena kwa wachibale wa mpanda. Kwa otere, alamu yofunika ndi imene imauza mwini wake: ina imaliza rimoti m'thumba mwanu ngati muli pafupi, ina ili ndi simu ndipo imaimba kapena kutumiza uthenga pa foni. Mlonda wa pamalopo akhalenso ndi nambala yanu, ndipo adziwe kalilidwe ka alamu yanu.

Munthu woika ndi wofunika kuposa katoni

Alamu yodula yoikidwa mwachisawawa imaposedwa ndi yotsika mtengo yoikidwa mwaluso. Mawaya a galimoto ali ngati mitsempha, ndipo munthu wosadziwa akawadula molakwika zotsatira zake ndi batire lomangotha, maloko omangodzitsekera, kompyuta ya injini yopsa, ngakhale moto umene. Funani munthu wokhala ndi malo odziwika ogwirira ntchito, amene mungamupezenso mawa. Ngati ali ndi pepala la maphunziro a magetsi a galimoto, monga la sukulu zovomerezedwa ndi TEVETA, ndi bwino kwambiri. Funsani oyendetsa matakisi amene anaikitsa chaka chatha ngati ntchito yake ikadali bwino, pakuti alamu yoikidwa dzulo iliyonse imagwira.

Tsiku loika, khalani pomwepo mpaka amalize. Musasiye makiyi n'kupita ku Saturday Market kapena ku Down Shops. Kukhalapo kwanu sikutanthauza kuti mukumuyesa wakuba. Mukufuna kuona ndi maso anu kumene chilichonse chaikidwa. Onetsetsani kuti waya wotenga moto uli ndi fyuzi pafupi ndi pamene watengedwa. Polumikiza mawaya awotcherere ndi mtovu n'kuphimba bwino, osati kungopota n'kukulunga tepi, chifukwa kutentha kwa October ndi mabampu a misewu ya kumidzi zimamasula tepi. Kabokosi kolamulira kabisidwe m'kati mwenimweni mwa dashibodi, ndipo mawaya ake akulungidwe mofanana ndi a galimoto kuti asazindikirike. Sayirini iyang'ane pansi kuti madzi asalowemo, italikirane ndi paipi yotentha, ndipo dzanja lochokera pansi lisaifikire.

Asanachoke, akuonetseni kabatani kozimitsira alamu rimoti ikatayika kapena batire lake likatha. Anthu ambiri sakadziwa, ndipo tsiku lina amapezeka ali pa msewu wa Mfuwe kapena wa Chadiza, galimoto yakana, sayirini ikulira, wowathandiza palibe. Ngati kabataniko kamafuna nambala yachinsinsi, sinthani imene yabwera ndi katoni. Tengani marimoti onse, kabuku ka malangizo ndi lisiti lolembedwa nthawi ya chitsimikizo. Ngati galimoto munaigula ili kale ndi alamu, wamagetsi afufute marimoti akale onse n'kulembetsa okhawo amene ali m'manja mwanu, chifukwa simudziwa amene anasunga ina.

Chenjezo limodzi lalikulu. Ma alamu ena ali ndi njira yozimitsa injini ndi rimoti kapena foni galimoto ikalandidwa. Injini ikazima mwadzidzidzi pa liwiro, chiwongolero chimalimba, mabuleki amauma, ndipo akhoza kufa ndi mwana woyenda m'mbali mwa msewu amene sakudziwa kanthu. Komanso achifwamba galimoto ikawazimira inu mukadali pafupi, mkwiyo wawo umagwera pa inu. Ngati mukufuna njira imeneyi, isankhidwe yochedwa, imene imayamba yachenjeza ndipo imagwira galimoto ikachepetsa liwiro kapena ikaima.

Tracker ndi nkhani ya malire

Tracker siletsa kuba. Ntchito yake imayamba galimoto itapita kale. Imadziwa pamene ili kudzera pa GPS, n'kutumiza uthenga pa netiweki ya foni. Kwa takisi, minibasi, lole yonyamula mbewu, kapena galimoto yodula ngati Hilux, ndi yoyenera ndithu. Pali ya kampani imene mumalipira mwezi ndi mwezi iwo n'kumalondola, ndipo pali yogula kamodzi imene mumaikamo simu yanu ya MTN, Airtel kapena Zamtel n'kumaona nokha pa foni.

Kuno kwathu funso lalikulu ndi lakuti: galimoto ikawoloka Mwami kapena Chanida, tracker ipitiriza kulankhula? Simu imene sinatsegulidwe kuti izigwira kunja kwa Zambia imangokhala chete ikangotaya nsanja za kwathu. Funsani kampaniyo momveka, ndipo yankho lilembedwe papepala. Ngati simu ndi yanu, kailembetseni m'dzina lanu, muitsegulitse kuti izigwira ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo muziikamo ndalama. Simu yokhala miyezi yambiri osagwira ntchito imatsekedwa, ndipo pali anthu amene anadziwa zoti yawo inafa kalekale tsiku limene galimoto inabedwa. Tracker ikhale ndi batire lake, itumize uthenga moto ukadulidwa, ndipo isabisidwe malo amodzi ndi kabokosi ka alamu. Kamodzi pa sabata tsegulani foni muone ngati ikuonetsa pamene galimoto ilidi.

Zizolowezi za pakhomo

Mukadina rimoti, kokani chogwirira cha chitseko musanachoke. Pali akuba amene amaima pafupi ndi masitolo akuluakulu ndi mabanki ali ndi kachipangizo kosokoneza rimoti. Inu mumadina n'kumapita, koma zitseko sizinatsekeke ndipo alamu sinatcheredwe. Ku South Africa kuba kotere n'kofala moti m'malo ambiri oimika magalimoto muli zikwangwani zochenjeza. Mankhwala ake ndi dzanja lanu basi. Izi zikhale m'mutu makamaka nyengo yogulitsa mbewu, pamene anthu amayenda ndi ndalama zambiri ndipo maso owatsatira kuchokera kubanki amachuluka. Ndalama, foni, laputopu ndi chikwama zisatsale pampando, ngakhale mukungolowa m'sitolo kamphindi.

Kiyi asamachoke m'manja mwa anthu odziwika. Kotsukitsa galimoto, tsegulani zitseko nokha n'kusunga kiyi m'thumba, chifukwa kudinda kiyi pa sopo sikutenga nthawi. Pakhomo, makiyi asapachikidwe pafupi ndi windo pamene ndodo ingawakole. Ngati galimoto yanu ndi yamakono yoliza ndi batani, dziwani kuti kiyi wake amalankhula ndi galimoto ngakhale ali patebulo, ndipo akuba ena ali ndi zida zotalikitsa mawu amenewo kuchokera m'nyumba kufika pabwalo. Usiku muikeni m'kachitini kachitsulo kotseka bwino, kutali ndi khomo.

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, tinakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mababu a panja ndi mawaya a magetsi a pampanda zinangokhala zokongoletsa. Nyali ya sola yoyaka yokha munthu akadutsa, yoikidwa moyang'ana galimoto, sidikira ZESCO. Geti likhale ndi loko wolimba, galimoto iimikidwe mphuno italoza kukhoma kuti boneti isatseguke mosavuta, ndipo ngati muli ndi galu, agone mbali imeneyo. Gwirizananinso ndi anansi kuti alamu ya mmodzi ikalira, onse ayatse nyali ndi kuimbirana foni. Mutu umodzi susenza denga. Pobwera usiku, imbiranitu kunyumba kuti geti litsegulidwe musanafike, ndipo mukaona galimoto ikukutsatirani pitirirani mpaka pa polisi kapena pamalo owala pali anthu.

Kulemba nambala ya galimoto pa magalasi, nyali ndi magalasi a m'mbali ndi chida chozokota kumachepetsa mtengo wake kwa wakuba. Ndipo tinene mosabisa: batire kapena galasi lotsika mtengo modabwitsa, logulitsidwa pakona popanda lisiti, linachotsedwa pa galimoto ya mnzanu. Tikaleka kugula zotere, msika wake udzachepa.

A njinga zamoto, batire lanu ndi laling'ono kwambiri ndipo alamu imalimaliza msanga. Tcheni cholimba chomangirira ku chinthu chosasunthika, loko wa pa buleki ya kutsogolo, ndi kuilowetsa m'nyumba usiku ndizo zoyamba. Wokwera wosadziwika wofuna kuperekezedwa kutchire usiku, mukaneni ngakhale atatchula ndalama zambiri.

Mapepala

White book ya ku RTSA isamagone m'galimoto. Isungeni m'nyumba, ndipo muijambule pa foni pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi. Lembani penapake nambala ya chasisi ndi ya injini. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala ya chasisi yaifupi, yoyamba ndi zilembo za mtundu wa galimotoyo, ndipo imapezeka pa kachitsulo ka pansi pa boneti kapena m'mbali mwa chitseko. Jambulani galimoto mbali zonse zinayi, ndi zipsera zake zomwe: pamene inaphwanyikapo, mpando wong'ambika, chomata cha pagalasi. Nambala ya kutsogolo wakuba amaisintha m'mphindi zochepa, koma zipsera amaziiwala.

Inshuwalansi ya third party, imene lamulo limafuna, imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanu ikabedwa siikupatsani kanthu. Yolipira kuba ndi comprehensive, kapena third party yowonjezeredwa moto ndi kuba. Werengani zimene akufuna kwa inu, chifukwa ena amalamula alamu kapena tracker, ndipo funsani ngati imagwira galimoto ikakhala kunja kwa dziko. Pogula galimoto kwa munthu, yerekezani nambala za pa white book ndi za pa chitsulo, funsani kiyi wachiwiri, ndipo pitani nayo kupolisi ikaunikidwe ndi a Interpol musanapereke ndalama. Apolisi a mayiko a kumwera kwa Africa amagwirira ntchito limodzi kudzera m'bungwe la SARPCCO kuyambira mu 1995, ndipo galimoto yobedwa kwina ikapezeka m'manja mwanu amailanda, ndalama zanu n'kupita.

Zikachitika

Ngati achifwamba akulozani mfuti kapena chikwanje, perekani kiyi. Manja aoneke, musawayang'anitsitse, ndipo ngati muli ana m'galimoto nenani mofatsa kuti mukuwatulutsa. Musalimbane nawo.

Mukadzuka n'kupeza pabwalo pali mbee, imbani 991 nthawi yomweyo, kenaka kampani ya tracker ngati muli nayo, ndipo thamangani ku polisi yapafupi ndi mapepala aja. Musadikire kuti kuche. Pemphani kuti uthenga ufike ku Mwami, ku Chanida, ku Lusuntha ndi pa mlatho wa Luangwa, ndipo tengani nambala ya lipoti lanu. A inshuwalansi auzeni tsiku lomwelo. Adzafuna lipoti la apolisi, white book ndi makiyi onse. Tumizani chithunzi cha galimoto m'magulu a WhatsApp a oyendetsa matakisi ndi mabasi, ndipo kalengezetseni pa wailesi ngati Breeze FM kapena Radio Maria, pakuti anthu a m'midzi ya m'malire amaona galimoto yachilendo ikadutsa.

Foni ikakuonetsani pamene galimoto ili, musapiteko nokha kapena ndi gulu la achibale okwiya. Pitani ndi apolisi. Wogwidwa aperekedwe m'manja mwa boma osamenyedwa, chifukwa mukamuvulaza mlandu umatembenukira kwa inu, ndipo nthawi zina wogwidwayo amakhala wosalakwa. Yembekezeraninso mafoni a anthu onena kuti aiona galimoto yanu ndipo akufuna muwatumizire ndalama ya mafuta pa foni kuti akulondolereni. Anthu otere amatola nambala yanu pa chilengezo chomwe chija. Musatumize kanthu, perekani nambala zawo kwa wapolisi amene akufufuza nkhani yanu.

Galimoto ikapezeka n'kubwezedwa, musaiyendetse ngati kale. Sinthani maloko a zitseko ndi polowetsa kiyi, fufutitsani marimoti ndi makiyi akale, wamagetsi aunike mawaya onse ngati sanadulidwe kapena kuwonjezeredwa kanthu, ndipo swichi yobisika ija isamutsidwire pamalo ena.